Ndikufuna kugulitsa nyumba ya ku Area 49 ndekha popanda ejenti, amene munachitapo ndithandizeni

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nyumba ku Area 49 ku Lilongwe, ya zipinda zogona zitatu, ili mumpanda wa njerwa, madzi ndi magetsi zilipo, ndipo kuseri kuli kanyumba ka zipinda ziwiri. Ndaganiza zoigulitsa chifukwa ndikubwerera kwathu ku Dedza, mayi anga akalamba ndipo palibe wowayang'anira. Ndinapita kwa ejenti wina wa ofesi, wandiuza kuti adzatenga 5 peresenti. Nyumbayi ndikuiyika pa K85 miliyoni, ndiye kuti iye yekha atenga K4,250,000. Ndalama imeneyi ndi fizi ya mwana wanga wotsiriza mpaka amalize sekondale, ina n'kutsalako yofolerera nyumba ya kumudzi. Mtima wanga ukukana. Kodi alipo pano amene anagulitsapo nyumba yekha? Munayambira pati, ndipo chinakuvutani n'chiyani?

Bambo Gama:
Mayi Nachisale, zimatheka ndithu. Ine ndinagulitsa yanga ya ku Chilomoni ndekha mu 2022. Koma mudziwe kuti ntchito imene ejenti amagwira ili pawiri. Ina ndi yopeza wogula, ina ndi yoyendetsa mapepala ndi ndalama. Yopeza wogulayo mukhoza kuichita nokha masiku ano, Facebook ilipo, magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi a kuntchito alipo. Ya mapepalayo musaichite nokha. Pezani loya. Ndipotu ngakhale mukanadzera mwa ejenti, loyayo akanafunikabe.

Mai a Tadala:
Ine ndingokuchenjezani za madobadoba. Mukangoika chithunzi pa Facebook, pasanathe tsiku achitenga n'kuyamba kuchizungulitsa ngati nyumbayo ndi yawo. Mlamu wanga anaika yake pa K40 miliyoni, patatha masiku atatu anaiona pa gulu lina ili pa K48 miliyoni, nambala ya foni ili ya munthu amene sanamuonepo chibadwire. Anthu ankalipiritsidwa ndalama yoonera nyumba, n'kumabwera pageti ali ndi mnyamata amene akuwauza kuti "amayiwa ndi azakhali anga." Pachithunzi chilichonse lembanipo nambala yanu pakati penipeni, pamalo poti munthu sangadule.

Nachisale:
Zikomo Mai a Tadala, zimenezo sindinaziganizire. Nanga akabwera ndi munthu woti akufunadi kugula, ndimubweze?

Che Yusufu wa ku Biwi:
Amayi, ndiloleni ndiyankhepo chifukwa ntchito imene ikunyozedwayi ndinaigwira zaka zisanu ndi chimodzi ndisanatsegule shopu. Si onse amene ali akuba. Munthu amayenda wapansi kuchoka ku Biwi mpaka ku Area 25, dzuwa lili pamutu, mayunitsi akugula yekha, kuti akumanitse wogulitsa ndi wogula. Vuto limabwera pamene simunagwirizane kanthu poyamba. Wina akabwera ndi wogula, musamubweze, koma muuzeni pomwepo, wogulayo akumva, kuti mtengo wanu ndi uwu, ndipo iye mudzamupatsa zakuti ndalama ikadzalowa. Mulembe pakapepala nonse musayine. Mukapanda kutero, tsiku lolipira mudzaona anthu asanu pageti, aliyense akuti ndine ndinayamba kumuuza. Ndinaziona ku Area 36, wogula anachita kuthawa chifukwa cha phokoso.

Mai a Tadala:
Che Yusufu, sindinanene kuti onse. Koma amene amaonjezera mtengo mwini wake asakudziwa amaononga malonda, nyumba imakhala miyezi osagulidwa chifukwa anthu akuiona ngati yodula.

Che Yusufu wa ku Biwi:
Pamenepo ndikuvomerezana nanu amayi.

A Mbewe (Zomba):
Mayi Nachisale, funso langa lili pa K85 miliyoniyo. Mtengowu mwaupeza bwanji? Ambiri amene timagulitsa tokha timagwa pamenepa. Timawerengera zimene tinaononga pomanga, kapena timamva kuti a neba anagulitsa mwakuti, chonsecho sitikudziwa ngati ananena zoona. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Simenti, malata ndi zitsulo zinakwera zonse. Munthu amene akuganizabe ndi mitengo ya kale akhoza kugulitsa nyumba pa ndalama yoti sangamangire ina yofanana nayo. Komanso mukaikweza kwambiri mudzangokhala nayo. Lipirani valuer, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, wovomerezeka, wa m'kaundula, akupangireni valuation report, lipoti la mtengo wa nyumbayo. Mukhoza kufunsa ku Surveyors Institute of Malawi kuti akuuzeni amene ali ovomerezeka. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi komishoni mukuithawayo, ndipo pokambirana mtengo mumakhala ndi pepala m'manja, osati mawu apakamwa.

Nachisale:
A Mbewe mwandigwira. Mtengowo anandiuza ndi ejenti yemweyo atangozungulira panja mphindi khumi, m'nyumba sanalowe n'komwe. Ndifufuza valuer sabata ino.

Bambo Gama:
Ndionjezerepo pa zimene anena a Mbewe. Wogula akakhala wa ngongole ya ku banki, bankiyo idzafuna valuation yakeyake, ndipo ngongole amapereka potengera mtengo umenewo. Ndiye ndi bwino mudziwiretu pamene nyumba yanu ili, kuti musadzadabwe.

Nangozo:
Mayi, ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya zaka zambiri, ndipo mafayilo a nyumba ankadutsa pa tebulo langa. Musanajambule ngakhale chithunzi chimodzi, tulutsani mapepala muwayale pa mphasa. Kodi malowo ndi a mtundu wanji? Mu Lilongwe muli malo a lisi ochokera ku Unduna wa za Malo, muli a Malawi Housing Corporation, muli a khonsolo ya mzinda m'madera ngati Kawale ndi Chilinde, ndiye mulinso a mafumu m'mphepete mwa tauni. Uliwonse uli ndi khomo lake logogoda posintha dzina. Ngati muli ndi lisi, nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, ndipo simungasamutsire kwa munthu wina popanda chilolezo cha amene anakupatsani lisiyo. Iwo asanapereke chilolezo amayamba aona ngati ground rent, lendi ya malowo, munamaliza kulipira. Kukhonsolo nako amaona ngati mulibe ngongole ya city rates, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo. Ku MRA mudzafunika tax clearance, chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili m'malo, chifukwa popanda imeneyo kusamutsa nyumba sikutheka. Palinso stamp duty, msonkho wa pa mapepala osamutsira nyumba, imene kawirikawiri amalipira ndi wogula, koma mulembe m'mgwirizano kuti walipira ndani, anthu amakanganirapo pamapeto. Ndipo funso lalikulu kuposa onsewa: pa title deed, chikalata cha umwini wa malowo, palembedwa dzina la ndani?

Nachisale:
Anangozo, lisi ilipo, ndaitulutsa m'sutikesi pompano. Dzina ndi la malemu amuna anga. Anatisiya mu 2021. Tinamanga limodzi nyumbayi, njerwa zina ndinkachita kusenza ndekha poweruka kuntchito, koma poloti anagula ndi iwo tisanakwatirane ndiye dzina linakhala lawo. Kodi zimenezi zili ndi vuto? Abale awo alibe nayo mawu, anandisiyira ine ndi ana.

Nangozo:
Pepani ndi zimene zinakuonekerani, mayi. Vuto lilipo, koma ndi lotheka kulikonza. Panopa inuyo simungasayine pepala losamutsira nyumbayo kwa wogula, chifukwa ku Lands Registry, ofesi yosunga kaundula wa malo, mwini wake akadali malemuwo. Kodi anasiya wilu? Ngati anasiya, amene anatchulidwamo kuti ayendetse chuma amakatenga probate, chikalata chotsimikiza wiluyo, ku khoti. Ngati sanasiye, pamafunika letters of administration, ndiye kuti khoti likupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Lamulo lake ndi la 2011, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Mukhozanso kukafunsa ku ofesi ya Administrator General, ndiyo imaona za chuma cha anthu omwalira. Mapepala amenewo akatuluka, mumapita nawo ku registry kuti alembe kuti woyendetsa nyumbayo tsopano ndi inu, kenako m'pamene mungagulitse.

Chinanso mayi, musakhumudwe nane. Mwati mwana wotsiriza ali ku sekondale. Nyumbayo ili ndi gawo la ana, ndipo amene sanakwane zaka 18 gawo lake liyenera kutetezedwa. Loya akuuzani mmene mungachitire. Ana akuluakulu akhale pansi nanu, avomereze polemba. Mawu akuti "abale alibe nayo mawu" ndinawamva kambirimbiri pa tebulo lija, ndipo ambiri ankanena zoona pa tsikulo. Koma ikamveka nkhani yoti kwalowa mamiliyoni, amatulukira malume amene ngakhale pamaliro sanagone. Pepala la khoti ndi limene limakutetezani pa tsiku limenelo.

Nachisale:
Wilu sanasiye. Ndakhala pansi kaye, mutu wazungulira. Ejenti uja sanandifunseko ngakhale pang'ono za dzina, anangoti tipeza wogula mwezi uno.

Bambo Gama:
Ndi mwayi kuti mwazidziwa musanalandire ndalama ya munthu. Tangoganizani mutalandira theka, mwayamba kale kufolera ku Dedza, kenako loya wa wogula akuti dzina silikugwirizana, bwezani ndalama. Safunsa anadya phula, inu mwafunsa nthawi yabwino.

Achimwene a ku Joni:
Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chinayi. Ndinagulitsa poloti yanga ya ku Machinjiri ndili konkuno, ndinatuma mng'ono wanga. Ndinamupatsa power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu yosayina m'malo mwanga, yolembedwa bwino, yonena poloti imodzi yokhayo, osati chuma changa chonse. Koma ndalama ndinati isadutse m'manja mwake, ipite kwa loya kenako ku akaunti yanga. Si kuti sindimukhulupirira, koma munthu akasunga ndalama yambiri ya m'bale, mavuto a pakhomo amayamba kumugogodera, uyu wadwala, uyu fizi, ndipo chibale chimatha. Tinagulitsa bwinobwino, mpaka lero timayankhulana. Amene muli kunja kuno ndipo mukufuna kugula nyumba ngati ya mayiwa, dziwaninso kuti lamulo la malo linasinthidwa mu 2022 ndipo linakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika. Ngati munatenga pasipoti ya dziko lina, konzani kaye za unzika wanu wa Malawi.

Mai a Tadala:
Zoona achimwene. Ndalama ndi chibale siziyendera limodzi.

Nambewe wa ku Namiwawa:
Ine ndikufuna ndinene za tsiku lolipira, chifukwa ndinatsala pang'ono kulira nalo. Ndinkagulitsa nyumba ya K60 miliyoni. Kunabwera bambo wina wooneka bwino, galimoto yoyera, mawu aulemu, mkazi wake ali pambali akuyeza mawindo kuti adzasokere makatani. Tinagwirizana Lachisanu masana. Cha m'ma 4 koloko ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala la ku banki losonyeza kuti watumiza ndalama yonse, chidindo chilipo, dzina langa lalembedwa bwinobwino. Kenako akuti, "Mayi, ndalama ilowa Lolemba chifukwa mabanki athu ndi osiyana, koma tipatseni makiyi ndi title deed lero, katundu wathu ali pa lole." Mtima unandiuza kuti dikira. Ndinati makiyi muwapeza ndalama ikaoneka mu akaunti. Anakwiya, anati ndikumutenga ngati wakuba pamaso pa mkazi wake. Lolemba ndinapita ndekha ku banki, ndinaima pamzere, ndinapempha sitetimenti. Munalibe ngakhale tambala. Foni yake kuyambira tsiku limenelo sinapezekenso.

Chimene ndinaphunzira, meseji ya pafoni kapena chithunzi cha risiti si ndalama. Muone ndi maso anu pa sitetimenti yochokera m'banki mwanu. Ndipo title deed yeniyeni isachoke m'manja mwanu kupita kwa wogula, ipite kwa loya. Wofuna kukachita search ku registry, kufufuza mwini wake weniweni wa malowo, mupatseni fotokope kapena nambala ya title basi, zimakwanira.

Che Yusufu wa ku Biwi:
Ndipo ena amabwera ndi kashi m'chikwama kuti akukopeni. Amayi musalole kuwerengera ndalama m'nyumba. K60 miliyoni ya ma K5,000 ndi mapepala 12,000, muwerenga mpaka liti, ndipo abodza muwazindikira bwanji? Kenako usiku womwewo anthu akudziwa kuti m'nyumba mwagona ndalama. Mukumane ku banki, makina awerenge, ilowe mu akaunti muli pomwepo.

Nachisale:
Anambewe, nkhani yanu yandichititsa mantha. Ine ndimakhala ndi mtsikana wanga yekhayo. Nanga anthu obwera kudzaona nyumba ndiziwalandira bwanji?

Nambewe wa ku Namiwawa:
Musamalandire muli nokha. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, Loweruka m'mawa, pakhale mchimwene wanu kapena bambo wina wa kumpingo. Pa chilengezo musalembe nambala ya nyumba, ingolembani dera. Woimba foni ayambe wanena dzina lake ndi kumene amagwira ntchito, mukumane naye pa malo odziwika ngati pa filling station, kenako mupite naye. TV, laputopu ndi zina zodula muzichotse pabalaza tsiku limenelo. Ena amabwera kudzaona mmene maloko alili, osati nyumba. Chimenechi ndicho chimodzi chimene ejenti amakuchotserani, amasefa anthu. Mukamagulitsa nokha, kusefako ndi kwanu, ndipo foni imalira mpaka usiku. Ine ndinagula simu ina ya malonda okhawo.

A Kachingwe:
Ine ndikhala wosiyana nanu nonse. Mayi Nachisale, muli ndi nthawi? Ejenti wa ofesi, wolembetsedwa, ali ndi anthu kale m'buku mwake amene akufuna nyumba, ena ndi makampani, ena ali kunja. Ine ndinayesa kugulitsa ndekha ya ku Area 47, inakhala miyezi isanu ndi itatu. Obwera anali ambiri koma onse ongofunsa, wina akuti ndilipira pang'onopang'ono zaka ziwiri, wina akuti tisinthane ndi galimoto. Nthawi yonseyo ndalama ikutha mphamvu. Nditaipereka kwa ejenti inapita pa miyezi iwiri. Komishoni ndinalipira, ndipo sindidandaula. Komanso 5 peresentiyo si lamulo la Mose, mukhoza kukambirana naye atsitse, makamaka ngati mapepala mwakonza kale nokha.

Bambo Gama:
A Kachingwe akunena zoona pa nkhani ya nthawi. Yanga inatenga miyezi isanu. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sindinali pa changu. Koma mayiwa ali ndi miyezi ingapo yodikira mapepala a ku khoti, ndiye nthawi yomweyo akhoza kumafufuza wogula mwakachetechete kudzera mwa anthu owadziwa. Akaona kuti sizikuyenda, khomo la ejenti silitsekedwa. Chimodzi chokha, mukadzapita kwa ejenti muwerenge bwino pepala limene akupatseni. Ena amalemba kuti kwa miyezi yakuti wogulitsa ndi iye yekha, ndiye ngakhale wogula mutamupeza nokha kutchalitchi, komishoni yake imakhalapobe.

A Kachingwe:
Eya, chimenecho chiliko. Langa linali la miyezi itatu.

Mphwanga Dalitso:
Pepani akuluakulu ndilowererepo ndi langa. Nanga malo a kwa mfumu, ngati ku Airwing kapena ku Chinsapo, zimayenda chimodzimodzi? Ndili ndi kanyumba komweko, pepala ndili nalo ndi la mfumu lokha.

Nangozo:
Dalitso, kumeneko ndi nkhani ina. Ulibe title, ndiye ku registry kulibe chimene wogula angakafufuze, ndipo mabanki sakonda kupereka ngongole pa pepala la mfumu. Wogula wako adzakhala wa kashi, ndipo mtengo umatsikirapo. Anthu amachita zolemberana pamaso pa mfumu ndi mboni, mfumu n'kudinda. Ukamatero uitane anthu ochita nawo malire onse anayi aime pa malire awo wogula akuona, chifukwa milandu yambiri ya kumeneko ndi ya malire ndi ya malo amodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri. Ufunsiretunso kuti ya mfumu ndi zingati ndipo alipira ndani. Koma uyambe wapita ku ofesi ya za malo ukafunse mmene malamulo a 2016 a malo a makolo akukhudzira dera lakolo, usangodalira zimene anachita a neba. Tsegula mutu wakewake, tisasokoneze wa mayiwa.

Mphwanga Dalitso:
Zikomo anti, nditsegula.

A Mbewe (Zomba):
Tibwerere kwa mayi Nachisale. Loya mumusankhe nokha, asakhale amene wabwera ndi wogula yekhayo. Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho, muone ngati dzina lake lilipo. Mumufunse mtengo wake poyamba, akulembereni. Mu mgwirizano wa malonda mulembe mtengo, ndalama yoyamba ndi zingati, yotsala idzalipidwa liti, chidzachitike n'chiyani wogula akalephera, ndi tsiku lopereka makiyi. Mulembenso zimene zikutsala m'nyumba. Ine tinakangana ndi wogula chifukwa cha thanki ya madzi ndi giza, iye ankati ndi za nyumba, ine ndinkati ndinagula padera. Zinthu zazing'ono koma zinatidyera sabata ziwiri.

Mai a Tadala:
Musaiwalenso mamita. Tsiku lotuluka mujambule mita ya madzi ndi ya magetsi, mumalize mabilu, ndipo mupite limodzi ndi wogula ku Lilongwe Water Board ndi ku ESCOM akasinthe dzina. Mukasiya dzina la malemu pamenepo, ngongole ya munthu wina idzakhala ikulembedwa pa dzina lawo.

Nachisale:
Abale anga, ndabweranso patatha sabata zitatu kuti ndikuuzeni pamene ndafika. Ndinapeza loya, mayi wina amene anandilozera ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo dzina lake ndinalipeza pa mndandanda uja. Tayamba za letters of administration. Anandituma setifiketi ya imfa, ya ukwati, ndi mapepala a ana onse atatu. Ana awiri akuluakulu tinakhala pansi Lamlungu, wamkulu analira chifukwa ndi nyumba imene anakuliramo, mtengo wa mapeyala uli kuseriwo anabzala ndi bambo ake iye ali Sitandade 2. Koma avomera, ndipo tagwirizana kuti gawo la wamng'ono lisungidwe padera mpaka akule. Alamu anga ndinawaimbira ndekha kuti amve kwa ine, asamve kwa anthu.

Ndinapezanso kuti ground rent sinalipidwe kuyambira chaka chimene bambo anadwala, ine sindinkadziwa n'komwe kuti iliko. Ndayamba kulipira. Valuer anabwera Lachiwiri, anakhala maola awiri, anayeza chipinda chilichonse, anakwera mpaka kudenga, ndipo anandionetsa mng'alu wa pakhoma la kukhitchini umene ndiyenera kukonza ndisanayambe kuonetsa anthu. Lipoti lituluka sabata ya mawa. Za ejenti ndaimika kaye. Mphunzitsi wina wa kusukulu kwa mwana wanga wamva kale ndipo akuti mchemwali wake wa ku Mzuzu akufuna nyumba ku Lilongwe, koma ndamuuza kuti adikire mapepala, sindilandira ngakhale ya chikole.

Nangozo:
Mwachita bwino kukana chikolecho. Malisiti a ground rent muwasunge pamodzi ndi lisi, adzawafuna popempha chilolezo. Ndipo mufunse loya wanu ngati angayambiretu kufufuza za city rates panopa, kuti zonse zidzathere limodzi.

A Kachingwe:
Lipoti likatuluka mudzatiuze ngati lafika pa K85 miliyoni paja kapena lapitirira, ndikufuna ndidziwe mmene mitengo ya ku 49 ilili panopa.

Nachisale:
Ndidzakuuzani a Kachingwe. Anangozo, za city rates ndimuimbira loyayo mawa m'mawa. Pakadali pano ndikufuna mmisiri wodalirika wa ku 49 kapena ku 25 woti akonze mng'alu uja, amene mukumudziwa munditumizire ku inbox.